Kabuleta, Injekishoni ya Makina Kapena ya Kompyuta: Kusankha Njira Yolowetsera Mafuta mu Injini ya Ndege Yodzimangira

Ku United States, munthu amene wagwira yekha ntchito yoposa theka pomanga ndege yake amailembetsa m'gulu la Experimental Amateur-Built, ndipo bungwe la boma loyang'anira za ndege la FAA silimusankhira chipangizo choika pa injini. Ku Britain ndege zotere amaziyang'anira a Light Aircraft Association, ndipo kusintha kulikonse kwakukulu kumafuna chilolezo chawo. Ku South Africa, kampani ya Sling Aircraft ya ku Johannesburg imagulitsa zida zomangira ndege kwa anthu a m'mayiko ambiri. Kulikonseko womanga amadzafika pa funso limodzi: mafuta azilowa bwanji m'masilinda?

Titenge ndege yofala ya Van's RV-7 yokhala ndi injini ya Lycoming ya masilinda anayi. Ambiri amayamba kufunsa kuti ndi njira iti yopatsa mphamvu zambiri, koma funso limenelo silifikitsa patali. O-360-A1A ya kabuleta imatulutsa 180 hp pa 2,700 rpm, ndipo IO-360-M1B ya injekishoni imatulutsanso 180 hp yomweyo. IO-360 ija ya 200 hp imapeza 20 yapamwambayo kwenikweni chifukwa cha masilinda a mtundu wina ndi compression, kupanikizika kwa mpweya m'silinda, yokwererapo. Chimene mukusankha ndi vuto limene mudzakhala nalo zaka zonse za ndegeyo. Kabuleta imagwira ayezi. Injekishoni ya makina imavuta kuliza injini ikatentha ndipo siigwirizana ndi zinyalala. Ya kompyuta imazima magetsi akatha. Ndipo chisankhochi chichitike musanamate matanki ndi kuyala mawaya, chifukwa mapaipi, mavaluvu, mabatire, ngakhale chivindikiro cha injini, zonse zimatsatira chimenechi.

Kabuleta ndi abale ake

Marvel-Schebler MA-4-5 imamangidwa pansi pa sampu, beseni la oilo la injini, ya O-360. Mpweya ukamadutsa pa khosi lopapatiza la venturi umathamanga, presha imatsika, ndipo mafuta amakokeka kuchokera m'kabakuli kokhala ndi fuloti. Imangofuna presha ya pakati pa 0.5 ndi 8 psi, moti pa ndege zambiri za mapiko apamwamba mafuta amangotsika okha popanda pampu. Ndi yotchipa, injini imalira msanga kaya yatentha kaya yazizira, ndipo makaniko aliyense wa pabwalo la ndege amaidziwa mkati ndi kunja.

Ayezi amabwera chonchi: kutsika kwa presha pamodzi ndi kusanduka nthunzi kwa mafuta kumaziziritsa mpweya ndi madigiri 20 Celsius kapena kuposa, ndipo chinyontho chimaundana pakhosi paja. Ngozi ndi yaikulu kunja kukakhala pakati pa -7 ndi 21°C chinyontho chitachuluka, koma zimachitika ngakhale kwatentha kuposa 30°C, makamaka potsika throttle, kachitseko ka mpweya wolowa mu injini, ili yotseka. N'chifukwa chake pamafunika bokosi lotengera mpweya wotentha kuchokera pa ekizozi. Vuto lachiwiri n'lakuti mafuta sagawika mofanana. Madontho olemera amalephera kukhota pamodzi ndi mpweya, silinda ina imamwa zambiri, ina zochepa. Lachitatu limakhudza okonda kugudubuza ndege: ikakhala chagada, fuloti imasokonekera ndipo injini imathima.

Pali zipangizo zina zotchedwa throttle body injector, monga za Ellison, Rotec ndi AeroInjector ya kampani ya Sonex. Dzinalo lisakunamizeni. Zimathira mafuta pamalo amodzi monga kabuleta, pa presha yochepa, kungoti zilibe fuloti. Zimakwanira bwino pa injini zazing'ono, koma popeza mulibe kabakuli kosungira mafuta, kathovu kalikonse ka nthunzi kamamveka pa injini nthawi yomweyo.

Injekishoni ya makina ya mtundu wa Bendix RSA

Iyi ndiyo imabwera pa injini za Lycoming zoyamba ndi zilembo IO. Masiku ano amaipanga a Precision Airmotive ndi a AVStar, ndipo a Airflow Performance a ku South Carolina amapanga FM-150 ndi FM-200 zogwira ntchito mofananamo. Mulibe waya ngakhale mmodzi. Mafuta amatuluka mosalekeza pa nozo iliyonse, valuvu ya silinda kaya yatsekuka kaya ayi.

Mtima wake ndi servo. Mpweya wolowa umayezedwa pawiri: presha yokwera pa timapaipi toyang'anizana ndi mphepo, ndi presha yotsika pakhosi pa venturi. Kusiyana kwa ziwirizi kumakankha dayafulamu ya mpweya. Pa ndodo yomweyo pali dayafulamu ina ya mafuta, imene mbali ina imamva presha ya mafuta asanadutse pa jeti, mbali inayo atadutsa. Madayafulamu awiriwa amakokana, ndipo pamene agwirizanirana m'pamene kavaluvu kampira kamaima. Mpweya ukachuluka kavaluvuko kamatseguka, mafuta nawo amachuluka. Kuchoka apo mafuta amakwera pamwamba pa injini kukalowa mu flow divider, amene amawagawa m'timapaipi tinayi ta chitsulo chosachita dzimbiri kupita ku manozo. Nozo iliyonse ili ndi kabowo kolowetsa mpweya wothandiza kuphwanya mafuta kuti akhale fumbi. Servo siidziwa bwino kuti mpweya wa m'mwamba ndi wopepuka, choncho ndodo ya mixture, yochepetsera kapena kuwonjezera mafuta, ikadali ntchito ya woyendetsa.

Pochoka pa kabuleta kupita kuno, zosintha ndi zingapo. Pampu ya pa injini ikhale ya presha yokwera, chifukwa Lycoming imafuna 14 mpaka 45 psi polowera mu servo ya IO-360, ndipo kawirikawiri geji imawerenga cha m'ma 25 mpaka 30. Pampu yamagetsi yothandizira ikhalenso ya presha yokwera, yokhala ndi njira yodutsira mafuta ikakhala yozimitsa, ndipo iikidwe pamalo otsika ndi ozizira. Mapaipi ochokera ku thanki akhale a 3/8 inchi, opanda makona akuthwa. A kutsogolo kwa firewall, khoma lolekanitsa injini ndi kabini, avekedwe firesleeve yowatchinga ku moto. Kachipangizo koyeza mafuta odutsa kasaikidwe mbali yokoka ya pampu, pamene presha ndi yotsika kale. Pakhalenso kachitseko ka mpweya wapadera, chifukwa ngakhale venturi ya servo siiundana kawirikawiri, fyuluta ya mpweya ikhoza kutsekeka ndi chipale. Onaninso sampu: servo yoyang'ana pansi ndi yoyang'ana kutsogolo, monga ya IO-360-M1B, zimafuna zivindikiro zosiyana kuchokera ku kampani ya Van's.

Phindu lenileni la njira imeneyi ndi lakuti mungathe kulinganiza masilinda. Pa mphamvu yosapitirira 65 peresenti, chepetsani mafuta pang'onopang'ono, magaloni 0.2 pa ola nthawi iliyonse, mukulemba EGT, kutentha kwa utsi wotuluka, ya silinda iliyonse. Silinda iliyonse ifika pachimake pa kutentha kenako n'kuyamba kutsika. Lembani mafuta amene injini inkamwa pamene iliyonse inafika pachimakepo. Kusiyana kwa yoyamba ndi yomaliza kumatchedwa GAMI spread, kutengera kampani ya ku Ada, Oklahoma, imene inatchukitsa muyesowu. Kukakhala pansi pa magaloni 0.5 pa ola, injini imatha kuyenda mosanjenjemera mafuta atachepetsedwa kupitirira pachimake, njira imene oyendetsa amaitcha lean of peak, ndipo imamwa zochepa masilinda ali ozizirirapo. Kukaposa apo, musinthe ma restrictor a m'manozo. Wamba ndi wa 0.028 inchi, ndipo ena amagulitsidwa mosiyana ndi 0.0005 inchi. Silinda yofika pachimake koyamba ikumwa zochepa, ipatseni bowo lokulirapo. Yofika pomaliza ipatseni locheperapo. Koma musanagule kalikonse, fufuzani ngati paipi ya mpweya ikudontha pa gasiketi. Mpweya wolowa mwakuba umapangitsa silinda kuoneka ngati ya nozo yaing'ono.

Mavuto ake ndi odziwika bwino. Mukazimitsa injini yotentha, timapaipi tija timakhala pamwamba penipeni pa masilinda, mafuta amawira, ena amatsikira m'masilinda, m'mapaipi n'kutsala nthunzi. Pobwera kudzaliza patatha mphindi 15, masilinda akhuta koma mapaipi ndi ouma. Njira yofala ndiyo kusapopera mafuta, kutsegula throttle pang'ono, kusiya mixture pa idle cut-off, pamene mafuta amatsekedwa onse, kugwira sitata, ndipo injini ikagwira n'kukankha mixture mosafulumira. A Airflow Performance ali ndi purge valve yobwezera mafuta otentha ku thanki musanalize. Imathandiza, koma imawonjezera chingwe china chimene chikamasuka m'mwamba injini izima. Ikani sipuling'i yoikokera ku mbali yolola mafuta kupita ku injini.

Zinyalala ndi mdani wachiwiri, ndipo ndege yatsopano ili nazo zambiri: tizidutswa ta aluminiyamu, zomatira za m'thanki, mphira wa m'mapaipi. Nozo imodzi ikatsekeka injini imanjenjemera ndipo EGT ya silindayo imasiyana ndi zinzake. Geji yakale yowerenga mafuta potengera presha ya pa flow divider imanama pamenepa: imaonetsa kuti mafuta achuluka, chifukwa kutsekekako kwakweza presha. Nozo imatsukidwa poiviika mu acetone ndi kuiuzira mpweya. Waya kapena singano zimakuza bowo, ndiye kuti nozoyo yatha. Pobwezera, chilembo A chili pa nati chiyang'ane pansi kuti kabowo ka mpweya kakhale pamwamba, ndipo nozo imangidwe pa 60 inch-pound. Timapaipi tachitsulo timasweka ndi kunjenjemera tikapanda zogwirizira zokwanira, n'kumapopera mafuta pa injini yotentha. Lycoming inalemba za zimenezi mu Service Bulletin 342, ndipo pa ndege za satifiketi kuyendera timapaipiti ndi lamulo. Wodzimangira atsatire chimodzimodzi.

Injekishoni ya kompyuta

Pa injini za Lycoming, mayina omveka kwambiri ndi SDS ya ku Calgary, Canada, ndi System32 ya kampani ya EFII ya ku California. Pano kompyuta ya injini, ECU, imawerenga liwiro la kulankishafuti, presha ya mu manifold (mapaipi olowetsa mpweya m'masilinda), kutentha kwa mpweya ndi kwa silinda, kenako n'kulamula kuti injekita iliyonse itseguke mamilisekondi angati. Pampu ya pa injini imachotsedwa. M'malo mwake pamabwera mapampu awiri amagetsi oikidwa moyandikana, opereka cha m'ma 40 psi, ndi regulator yobwezera mafuta otsala ku thanki.

Zabwino zake n'zenizeni. Mafuta amazungulira nthawi zonse, choncho sakhala malo amodzi n'kuwira, ndipo injini yotentha imalira ngati ya galimoto. Ndege ikakwera, sensa ya manifold imamva kupepuka kwa mpweya ndipo mafuta amachepa okha. Kulinganiza masilinda kumachitika ndi batani muli m'mwamba, osamasula nozo. Nthawi zambiri ECU yomweyo imayendetsanso moto wa mapulagi.

Kukula kwa injekita kumawerengedwa motere. Injini ya 180 hp ili ndi 45 hp pa silinda. Pa mphamvu yonse imamwa pafupifupi mapaundi 0.55 pa hp iliyonse pa ola, amene ndi mapaundi 25 pa silinda. Injekita isamakhale yotsegula kuposa 80 peresenti ya nthawi, choncho 25 kugawa ndi 0.8 kumapereka 31. Injekita yochepera mapaundi 31 pa ola idzaperewera pa nthawi yonyamuka, pamene mukuifunitsitsa.

Paipi yobwezera siyochitira chibwana. Tiyerekeze kuti pampu ikutulutsa malita 150 pa ola ndipo injini ikumwa 35. Malita 115 akubwerera. Thanki limodzi la RV-7 limalowa magaloni 21, pafupifupi malita 80. Mukamakoka kumanzere koma n'kumabwezera kumanja, thanki lakumanzere liuma m'theka la ola ndipo lakumanja lisefukira kunja kudzera pa vent, kapaipi kopumira thanki. Pamafunika valuvu yapawiri, monga ya Andair, yosintha paipi yopita ndi yobwerera nthawi imodzi. Polowera mafuta obwerera pakhale kutali ndi pokokera, kuti pampu isamameze thovu. Mafuta asanafike pa pampu ikani fyuluta ya mabowo aakulu ndi malo otakata. Yothina ya 10 micron ikhale pamene mafuta adutsa kale pampu. Mukaika yothinayo mafuta asanafike pa pampu, pampu imakoka mwamphamvu, presha imagwa, mafuta amasanduka nthunzi, ndipo pampuyo imangolira osatulutsa kanthu, ngati mjigo umene wakoka mpweya.

Tsopano magetsi, pamene pagona nkhani yonse. Injini ya maginito, tizipangizo todzipangira tokha moto wa mapulagi, ndi pampu ya makina imapitiriza kuyenda ngakhale mutazula batire. Ya kompyuta imathima m'sekondi yomweyo magetsi akatha. Choncho magetsi a ndege asanduka mbali ya injini, ndipo ayenera kupangidwa ndi mtima umenewo.

Yambani ndi kuyeza ma ampere a pampu, makoyilo, mainjekita ndi ECU pa liwiro loulukira. Tiyerekeze kuti zakwana 12. Batire la Odyssey PC680 limalembedwa 16 Ah, koma chiwerengerocho ndi cha pamene likukokedwa pang'onopang'ono kwa maola 20. Pa ma ampere 12 limangokhala pafupifupi ola limodzi, ndipo lokalamba kapena lozizidwa limachepera pamenepo. Batire limodzi ndi alitaneta imodzi sizokwanira. Omanga osamala amaika alitaneta yachiwiri pamalo pa vacuum pump, monga za B&C, yotha kunyamula injini yokha mpaka mafuta atatha, kapena batire lachiwiri loyezedwa chaka ndi chaka, kapena zonse ziwiri. Mabatire a lithiamu ndi opepuka, koma ali ndi kabolodi kamene kamawadula okha voteji ikakwera kapena kutsika kwambiri, ndiye chitetezo cha voteji yopyola muyeso pa alitaneta n'chosakambirana.

Magetsi a injini achokere molunjika ku batire, osadutsa pa master, swichi yaikulu ya magetsi a ndege, kuti mukazimitsa zonse chifukwa cha utsi m'kabini injini isazime nawo. Pampu iliyonse, koyilo iliyonse, ECU iliyonse ndi injekita iliyonse ikhale ndi fyuzi yake. Waya mmodzi akashota asaphe masilinda onse. Maswichi a injini akhale otsekereza. ECU ziwiri sizithandiza ngati zonse zikudalira sensa imodzi ya kulankishafuti kapena waya mmodzi wa ground. Sensa imeneyo imakhala kuseri kwa flywheel, pafupi ndi lamba wa alitaneta, ndipo lamba akaduka amatha kukwapula waya wake, choncho wayayo atchingidwe ndi chitsulo. Kapaipi ka sensa ya manifold kakavuka, ECU imaganiza kuti throttle ndi yotsegula yonse ndipo imathira mafuta ochuluka. Pa mphamvu yonse simumva kanthu, koma mukachepetsa moto pokatera injini imatsamwa.

Mapu a mafuta obwera ndi ECU, manambala oiuza kuchuluka kwa mafuta oti ithire, ndi poyambira chabe. Poyeserera mumadalira sensa ya wideband ya mu ekizozi, yoyeza kusakanizika kwa mpweya ndi mafuta, koma mtovu wa mu petulo wa ndege, avgas 100LL, umene umafika magalamu 0.56 pa lita, umaipha msanga. N'chifukwa chake omanga ambiri amaigwiritsa ntchito ngati geji basi, osailola kulamula mafuta. Pa mphamvu yonse funani mpweya ndi mafuta cha pa 12 kwa 1, ndipo CHT, kutentha kwa mutu wa silinda, isamapitirire 400°F, amene ndi 204°C, ngakhale malire a Lycoming ali pa 500°F. Mafuta akachepa pa mphamvu yonse, detonation, kuphulika kwa mafuta m'silinda m'malo moyaka bwino, ikhoza kuboola pisitoni m'mphindi zochepa.

Amene safuna kudzipangira zonsezi ali ndi njira ina pa ndege zazing'ono. Rotax 912 iS, imene inatuluka mu 2012 ndi 100 hp, imabwera ndi ECU ya njira ziwiri, Lane A ndi Lane B, mainjekita awiri pa silinda ndi majenereta awiri mkati mwa injini. Jenereta yodyetsa injini ikafa, inayo imalowa m'malo yokha, ndipo zotsala za ndege zimadalira batire. Mapu ake sasinthika ndi mwini ndege, zimene kwa womanga koyamba ndi chitetezo. Paipi yobwezera imafunikabe.

Mafuta amene mudzagula

Avgas imapangidwa kuti isawire msanga. Presha ya nthunzi yake imakhala pakati pa 5.5 ndi 7 psi. Petulo wa galimoto amaposa apo, ndipo amawira msanga kukatentha kapena ndege ikakwera. Ngati mudzadalira petulo wa galimoto, dongosolo lozungulitsa mafuta, pampu ili pansi pafupi ndi thanki, limapirira kuposa pampu ya pa injini yotentha imene imakoka kuchokera kutali. Ethanol imawonjezera nkhani ina: imamwa madzi ndipo imadya mphira ndi zomatira zina. Rotax imalola mpaka 10 peresenti, pamene Lycoming, mu Service Instruction 1070, imalola petulo wa galimoto pa injini zina zokha, ndipo osati wa m'filingi wosakaniza chonchi. Izi n'zofunika kwa wouluka kuno kwathu, chifukwa petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi Chikwawa, ndipo Zimbabwe nayo imasakaniza. Yezani musanathire: mzere wa madzi m'botolo loonekera ukakwera mutasakaniza ndi petulo, muli ethanol.

Kuweruza kwathu n'kwakuti womanga koyamba, wa Lycoming ndi avgas, atenge injekishoni ya makina. Mavuto ake ambiri amachitikira pansi ndipo zida zake zimapezeka. Wa ndege yapang'onopang'ono ya mapiko apamwamba asachite manyazi ndi kabuleta. Ya kompyuta ndi ya munthu amene angajambule mawaya ake onse papepala, n'kuloza chingwe chilichonse ndi kunena chimene chichitike chikaduka.

Musanauluke

Kafukufuku wa NTSB, bungwe lofufuza ngozi ku United States, wa mu 2012 wokhudza ndege zodzimangira analimbikitsa kuti dongosolo la mafuta liziyesedwa ndege isananyamuke koyamba. Imikani ndege mphuno ili m'mwamba monga pokwera mwamphamvu, thanki lili ndi mafuta ochepa. Masulani paipi polowera mu kabuleta kapena servo, tsirani m'chigubu choyezera, muwerenge nthawi. Dongosolo la pampu lipereke 125 peresenti ya zimene injini imamwa ponyamuka, ndipo lotsika lokha 150 peresenti. Injini ya 180 hp imamwa pafupifupi magaloni 16.5 pa ola ponyamuka, ndiye pampu ipereke osachepera magaloni 21, pafupifupi malita 80. Yesani thanki lililonse palokha ndi pampu iliyonse payokha, zivindikiro za matanki zili zotseka kuti ma vent ayesedwe nawo. Kenako tsegulani mafyuluta onse. Muwatsegulenso pakatha maola oyamba.

Pa kabuleta ndi servo, injini itatentha ikulira pang'onopang'ono pa idle, kokani mixture pang'onopang'ono. Liwiro likwere ndi 25 mpaka 50 rpm isanazime. Likapanda kukwera mafuta a idle achepa, likakwera kwambiri achuluka. Pa ya kompyuta, ndege itamangidwa pansi injini ikuyenda, zimitsani chinthu chimodzichimodzi: pampu yoyamba, ECU yoyamba, alitaneta, master, batire lalikulu. Kulikonse kumene injini yazima pamene simunayembekezere, mawaya abwerere pa tebulo. Ku United States, injini ndi propela zopanda satifiketi kawirikawiri zimapatsidwa maola 40 oyesera m'dera loikidwa, ndipo m'maola amenewo musinthe nambala imodzi ya mapu kapena nozo imodzi pa ulendo uliwonse, muli pamwamba pa bwalo.